Sabata Imene Ndinkalamula Madzi a M'thamanda

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinakhala sing'anga, ntchito yokhayo imene ndinaigwirapo osafunsidwa setifiketi.

Kwathu ku Pembamoyo kunali thamanda lomwe ng'ombe zinkamwapo. Dzuwa la Okutobala likakula, madzi ake ankabiriwira ngati msuzi wa chigwada, fungo lake la ndowe ndi matope. Tsiku lina ndinatungako m'botolo. Nditaliika pansi, ndinaona kubiriwira konse kukukwera pang'onopang'ono n'kukaunjikana kukhosi. Ndikakhutchumula kumasakanikirana, ndikasiya kumakweranso.

Mwana wanzeru akanafunsa chifukwa chake. Ine ndinaitanira anzanga kuseri kwa tchalitchi, n'kukhutchumula botolo, n'kutsinzina, n'kulamula: "Kwera!" Madzi anamvera. Sabata isanathe mbiri inafika kwa a Mbewe, akatekisiti athu, amene ankatikonzekeretsa kulandira Ukalistia koyamba. Amayi anali atandisokera kale malaya oyera, ndipo tambala wa phwando anali atasankhidwa, ngakhale mwiniwakeyo sanauzidwe.

"Wamatsenga salandira," anatero a Mbewe. "Bwera nalo botolo lakolo."

Ndinapita nalo. Iwo analikhutchumula, analiimika chadodolido pakati pa njerwa ziwiri, n'kulivundikira ndi ndowa kuti lisaone dzuwa ngakhale nkhope yanga.

"Tsopano auze madziwa atsike. Akatsika, ndiwe mfiti ndithu, ukauze amayi ako amumasule tambala uja."

Sindinapempherepo kulephera ngati tsiku limenelo.

"Tsika," ndinanong'ona.

"Kwezani mawu, a dokotala!"

"Tsikaaa!"

Tinadikira, iwo akutafuna mtedza wokazinga osandigawirako. Atachotsa ndowa, kubiriwira konse kunali kutakwera, kuli phee kumatako kwa botolo, komwe tsopano kunali kumwamba.

"Ona, ngakhale madzi a ng'ombe sakumvera iwe," anatero, akupukuta misozi ya phwete. "Lamlungu ubwere utasamba."

Tambala anafa pa tsiku lake, ine nditavala zoyera.

Chimene chinkakweza kubiriwira kuja ndinakachimva kukoleji, ine ndi kolejiyo tisanapatukane mwamtendere. M'madzi otere muli tizilombo ta selo limodzi, tosaoneka ndi maso pakamodzikamodzi, tosambira ndi kaulusi. Zam'kati mwa kachilomboko n'zolemerako kuposa madzi, ndiye zimatsamira pakhungu la mbali ya pansi. Iko kamamva kutsamirako, kamadziwa kuti pansi ndi uko, n'kutembenuka kusambira chokwera, kumene kumakhala kuwala. Mumdima kamachitabe zomwezo. Mukatembenuza dziko lake, sikadandaula, kamangoyambiranso. Ubongo kalibe, komanso sikanafunsepo malangizo kwa mwana wa giredi 4.

Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti padziko pano pali anthu ambiri ofuulira zinthu zimene zinkakwera kale zokha. Ndikamva munthu ku boma ku Chadiza akudziguguda pachifuwa kuti mvula yagwa chifukwa cha iye, kapena kuti mwana wa mlongo wake anakhoza mayeso chifukwa iye anamuyang'ana mwaukali, sinditsutsa. Ndimagwedeza mutu mwaulemu, monga sing'anga wopuma pantchito, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati pali ndowa pafupi.