Mizu ya m'nyuzipepala

Chaka chimene akazi anga anagonekedwa m'chipatala cha pa boma, anandipempha chinthu chimodzi chokha. Kwawo ku Tsangano, m'mbali mwa kamtsinje kamthunzi, mumamera kachomera ka masamba ang'onoang'ono onga a chammwamba, timaluwa take ngati ulusi wolendewera. Dzina lake sindinalidziwepo. Amayi awo ankawiritsa mizu yake munthu akadwala m'mimba.

"Abambo, kanditengereni. Kaya ichiza kaya sichiza, ndingoinunkhiza."

Ine za mizu sindinkazikhulupirira, koma sindinatsutse. Ndinapita, ndinakumba, ndipo wasitolo wina pamsika anandipatsa tsamba la nyuzipepala kuti ndikulungire. Sindinaliyang'ane n'komwe.

Pa Lizulu, podikira basi ina, anatiimitsa anyamata a chipani ovala malaya ofiira. Khadi la chipani ndinali nalo, ndinaonetsa. Phukusi langa linali pabenchi pambali pa matumba a mbatatesi a anthu ena. Mmodzi analitola n'kulimasula. Mkati mwa pepalalo munali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, nkhope yonse matope, diso limodzi litabooledwa ndi muzu.

"Mwini wake ndani? Madala, si chanu ichi?"

Masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zazing'ono kuposa apa, ena osabwerako. Ndinaganiza za odwala, kuti adzawatengera madzi ndani.

"Si changa. Ndachipeza pompo."

"Mkulu wa mpingo sanganame," anatero mayi wina wogulitsa kabichi amene ankandidziwa. Anyamatawo anaseka, nataya mizu m'ngalande, pepala n'kupita nalo.

Kuchipatala ndinalowa chimanjamanja. Akazi anga anayamba ayang'ana manja anga, kenako nkhope.

"Simunakapeze?"

M'chipindamo munali makutu ambiri. Ndinati kunja kwauma, sikanaphuke chaka chino. Mtsinje uja anakulira m'mbali mwake, ankadziwa kuti suphwa.

"Mwatopa, khalani pansi," anatero.

Ndinkati ndidzawauza zoona akatuluka, tili awiri kunyumba. Anamwalira Lachinayi la sabata yotsatira.

Anyamata aja sindiwaweruza, nawonso anali ndi owaopa. Bodza loyamba ndinaliulula kwa abusa patapita zaka, iwo anati Mulungu amadziwa mmene nthawi zinalili. Lachiwirilo sindinawauze. Amene ndinayenera kuwapepesa si abusa.