Chimbereko wa a Muhiwa

Lemba momwe ndikuyankhuliramu, Tadala, usandikonzere mawu. Ndikakumbukira a Muhiwa, mphuno mwangamu mumabwera fungo la tiyi akamauma ku fakitale, utsi wa nkhuni za bulugamu, ndi kafungo ka sopo kamene sikankawachoka m'manja, poti ankachapa zovala kunyumba kwa manejala. Khomo lawo linkayang'anana ndi lathu kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Mkazi analibe, mwana analibe, Chichewa chawo chinkatsamira ku Chilomwe, koma dzanja lawo likagwira khala, ee!

Tsiku lina anabwera ndi kabuku kong'ambika kamene ana a bwana anataya kudzala. Zithunzi zokhazokha m'timabokosi, mawu akutuluka mkamwa mwa anthu ngati thovu. Kuwerenga ife ana tonse sitinkatha, iwonso chimodzimodzi. Munali mwamuna wa chifuwa chachikulu akuuluka pamwamba pa nyumba, nsalu ikukupiza kumsana.

Ine ndinali kamtsikana, ntchito yanga kubereka mlongo wanga Yohane, chifukwa msana wa amayi unali wa dengu la tiyi kuyambira m'mawa. Ndiye nditaona nsalu ija ndinafunsa:

"A Muhiwa, mbereko ndi iyi, nanga mwana wagwera kuti?"

Anzanga anaseka mpaka kugubuduka. A Muhiwa sanaseke. Anayang'anitsitsa chithunzicho nkuti, "Sanagwe. Akukamutenga. Sukuona wathamanga mpaka miyendo yasiya pansi?"

Basi, tinamutcha Chimbereko. Kabuku katathera m'manja mwathu, a Muhiwa anayamba kumujambula okha ndi makala pa matabwa a mabokosi akale a tiyi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, thabwa latsopano lili pakhonde. Wawoyo anali wakuda ngati ife, wopanda nsapato, akuuluka pamwamba pa mizere ya tiyi kutola ana ogona pansi pa mtengo mvula isanafike. Akajambulapo kapitawo wa kumunda, ankamupatsa mphuno ngati mbatata.

Kenaka linadza tsiku Yohane anatentha thupi. Amayi anali kumunda wakutali, abambo mkati mwa fakitale. Dzuwa lili pamutu mwana anasiya ngakhale kulira, khosi lende. Ndinamubereka kuti ndithamange naye kuchipatala ku Makwasa, koma pachitunda choyamba miyendo inakana. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu nkumayang'ana kumwamba. Usaseke iwe, ndinkadikiradi kuti Chimbereko atulukira m'mitambo.

Amene anatulukira ndi a Muhiwa, mtolo wa zochapa za bwana uli pamutu. Anautula pomwepo m'tiyimo.

"Mwanawe, bweretsa chitenjecho."

"Amuna sabereka, a Muhiwa."

"Wam'kabuku uja ndi mkazi?"

Anawerama, ndinawaika mwana kumsana, mfundo ndinamanga ndine chifukwa iwo sankaidziwa. Tinauyamba, iwo patsogolo ine pambuyo. Amayi othyola tiyi anaimika manja.

"A Muhiwa, mwachira liti osatiuza? Nanga kuyamwitsa mukutha?"

Iwo osatembenuka nkomwe: "Telekani phala, ndituluka chikuta mawa!"

Anamwino anamulandira Yohane, mwanayo anagona kumeneko masiku angapo. Yohaneyo ndi agogo ako a ku Thekerani aja, odandaula za feteleza chaka ndi chaka. Za zochapa zija a Muhiwa anakalipiridwa koopsa, koma ife sanatiuze, tinachita kumva kwa akuki a kwa bwana.

Lamulungu lotsatira thabwa linali pakhonde. Chimbereko mwana ali kumsana, mapazi ali pa msewu, pambuyo pake kamtsikana ka miyendo ngati timitengo kakukoka mfundo. Ndinakhumudwa pang'ono.

"Bwanji lero sakuuluka?"

"Wabereka sauluka," anatero akupukuta makala m'manja. "Angamugwetse. Amayenda."

Matabwa aja ena anadya chiswe, ena tinasonkhera moto nyengo ya chiperoni. A Muhiwa anatisiya kalekale, ndipo dzina lawo palibe mdzukulu wolitchula. Iwe ukamandionetsa anthu ako ouluka pafonipo, ine ndimayang'ana kumsana kwawo. Nsalu zilipo ndithu, zokongola, koma mpaka lero sanamupezebe mwana.

Paja aphunzitsi akuti uli ndi dzanja lojambula. Tsono leka kulembako, tembenuza pepala. Mapazi uwaike pansi, nsapato usamuveke. Ukafika pa mfundo undiitane, ndikuonetsa ine mamangidwe ake.