Lichero la Nyemba pa Desiki ya ku Boma

Matipate atangoyamba, ife amayi a kuno kwa Kanduku tinali ndi gulu logulitsa nyemba kusukulu ina yogonera konko. Msika wathu unali womwewo basi. Tinkangosenza matumba mpaka kukhitchini, ophika n'kupisa dzanja, kuluma nyemba imodzi, tamvana.

Ndiye chaka china anatiuza kuti zasintha. Ati boma likafuna kugula chinthu, aliyense wogulitsa, wa muno kaya wakunja, alembe mtengo wake papepala, amate mu envulopu, akapereke ku Boma. Amati tenda. Mapepala anatilembera aphunzitsi ena opuma. Kukapereka anzanga anasankha ine, ati pakamwa panga sipachita manyazi.

Nanga munthu n'kupita kwa akuluakulu chimanjamanja? Komanso nyemba ungagule bwanji osaziona? Ndinapeta zonenepa, kudzaza lichero, pamwamba manachesi a pakhomo. Ndinalowa mu ofesi mapazi ali mbuu, ndinagwada, n'kuika lichero pa desiki, envulopu pambali pake.

Abambo olandira mapepala aja anadzambatuka ngati ndawaikira makala a moto. Pabenchi panali amuna awiri a masuti, nawonso ndi maenvulopu awo, akunong'onezana Chipwitikizi, maso pa lichero.

"Mayi, mwandipha. Chotsani izi."

"Ndi nyemba chabe, bwana, mungoziona."

"Anthu aona kale. Lamulo likuti wobwera ndi mphatso, pepala lake lisawerengedwe."

Ndinachonderera kuti lichero ndibwerere nalo, envulopu itsale. Anati akangotero, nawonso ntchito iwathera. Anandiperekeza mpaka pakhonde, mwaulemu ndithu, n'kundiuza motsitsa mawu kuti ngakhale chaka chamawa padzafunika setifiketi ya kampani, ina ya msonkho, ndi kalata ya ku banki. Ife zimenezo sitinazionepo n'kamodzi komwe.

Kumudzi anzanga sanandikalipire. Mmodzi anangoti bola manachesiwo tidye, n'kuyamba kusenda. Ine sanandilowe.

Inapambana ndi kampani yakunja. Nyemba zawo zinkalowera pa malire m'mathiraki, matumba osoka ndi makina. Zathu zinafumbwa m'nyumba, zotsala mavenda anatenga mmene anafunira. Dzinja lotsatira gulu linatha, aliyense anangobzala zodya pakhomo pake. Munda wanga wa kudambo ndinausiya. Pano mwamera tsekera, mbuzi za eni ndiye zimagonamo masana.