Makisoni ndi boti la eni ake

Makisoni, amene anali mlamu wanga, anagwirapo ntchito yosesa pabwalo kwa mphunzitsi wina ku Zomba. Anzake akamachoka kutauni amabwera ndi njinga kapena malata. Iye anatsika minibasi padoko la Kachulu ndi jekete lothina komanso liwu limodzi la Chingerezi, lakuti bambuzo.

Tanthauzo lake ankalifotokoza ngakhale osamufunsa. "Wakuba amadikira ugone," ankatero. "Kubambuzula n'kwa ophunzira. Munthu umamuzunguza mutu mpaka akupatse yekha, uku akuseka." Akapaka mafuta ophikira pa milamba yowamba dzana kuti iziwala ngati yalero, ankati wabambuzula venda. Anyamata a padoko ankamuwombera m'manja. Ine ndinkangoona tambwali wovala jekete dzuwa likuswa mtengo.

Kenako diso lake linagwera mng'ono wanga Jenifa, kwathu ku Chisi. Amalume anamuuza mosapsatira mawu: "Mwana wa mlongo wanga sakwatiwa ndi munthu wa manja lende. Pachilumba pano mwamuna ndi boti."

Posakhalitsa Makisoni anatulukira pa boti la injini lobiriwira, m'mbali mwake mutalembedwa dzina la Jenifa. Mwanayo analira ndi chimwemwe. Ndinamukokera pambali n'kumuuza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

"Achemwali, imeneyo ndi nsanje," anandiyankha.

Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi. Mpunga wa paukwati usanathe m'miphika, kunabwera a Sharifu a ku Kachulu ndi burashi m'manja. Botilo linali lawo, Makisoni anangopatsidwa ganyu yolipenta. Anafufuta dzina la mng'ono wanga mudzi wonse ukuonerera, n'kuliza injini ulendo.

Manyazi munthuyu analibe ndi pang'ono pomwe. "Alamu, musakwiye," anandiuza mano ali mbee. "Amalume ndangowabambuzula basi. Koma mkazi ndiye ndamupeza."

Chimene anaiwala n'chakuti kwathu mkamwini amakhala kwa mkazi. Eni maboti anapangana kuti asamukweze, ngakhale wa bwato ankamukana. Wophunzira uja anapatsidwa khasu, ndipo madzulo ankaingitsa mbalame m'mapira a apongozi ake, jekete lili pathupi. Tonse tinati wakumana nazo.

Amene sanaseke ndi Jenifa yekha. Kumjigo ankamutchula kuti mayi a boti, iye n'kungoweramitsa mutu. Tinamuuza kuti amuthamangitse, ndipo ankhoswe anali okonzeka.

"Ndinalumbira pamaso pa Mulungu," anatero. "Ananama za boti, inde, koma ananama chifukwa chondifuna ine."

Mawu amenewa ankandiwawa kuposa bodza lenilenilo. Mwana wakhama ngati uja, kumaphikira ndi kuchapira mlesi wolima mzere umodzi n'kuyamba kudandaula msana!

Chaka chija nyanja inaphwa, pakati pa Chisi ndi Kachulu panangotsala matope ong'ambika, anthu n'kumawoloka wapansi. Jenifa anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. M'mawa wina Makisoni anati akukagula beseni ndi zitenje zopitira kuchipatala. Jenifa anamumangira mbatata yophika ya panjira, n'kuima pomwe pankalekeza madzi, kumuyang'ana mpaka anazimiririka m'fumbi. Makisoni sanacheuke n'komwe.

Pa Kachulu anangodutsa osagula ngakhale sopo. Ena amati ali ku Limbe, ena amati ku Mozambiki. Kumene aliko azikhala konko.

Mwana anabadwa wamkazi, ndipo tinamukulunga m'chitenje changa chakale. Mchombo utagwa, amalume anabwera kudzamutcha dzina. Jenifa anawagwadira n'kunena chapansipansi: "Amalume, tadikirani kaye. Bambo ake akabwera adzadandaula."