Ubatizo wa M'kapu Kuseri kwa Malomo

Ndinanyamuka pa Mponela Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, nditavala jekete yakuda, tayi, ndi nsapato zimene ndinazipukuta mpaka kumadziwonerapo. M'chikwama munali Baibulo, buku la malamulo a mpingo, ndi kalata ya chidindo cha abusa. Panali patangopita miyezi inayi chindisankhireni kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ukuluwo unkandiyabwa ngati chitedze. Mkazi wanga pondiperekeza anati, "Abambo, kumeneko n'kumapiri, mvula sinathe. Tengani magambuti." Ndinamuyankha kuti wotumidwa ndi mpingo sapita ngati wokadula fodya.

Nkhani yake inali iyi. Abusa athu ankayang'aniranso mpingo wina wa ku Malomo umene unalibe mbusa wakewake. Ku kanthambi kena ka mpingowo, kuseri kwa mapiri, kunamveka kuti mayi wina, a Nachisale, anabatiza khanda ndi manja awo. Kwathu wobatiza ndi mbusa wodzozedwa basi. Akulu ampingo a kumeneko onse anali achibale kapena apongozi a mayiwo, choncho kalata yowaitanira ku bwalo la akulu ampingo inasowa woinyamula. Ine, mphunzitsi wa Sitandade 6 wodziwa kuwerenga mokweza, ndinaimika dzanja.

Minibasi ya ku Ntchisi inali K4,000. Titangodutsa minda yoyamba ya fodya, bambo wina wa suti yonyezimira anatsokomola, n'kutsegula Baibulo, n'kuyamba kulalikira atakhala pampando wapakati. Analalikira bwino ndithu, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa. Atati ameni ndinamugwira paphewa.

"Pepani achimwene, mwatumidwa ndi mpingo uti?"

"Ndatumidwa ndi Mzimu, bambo."

"Kalata muli nayo?"

"Nanga Mzimu uli ndi ofesi?"

Anthu anaseka. Mayi wina amene anafungatira dengu la anapiye anandifunsa kuti nanga ine wandituma ndani. Ndinati abusa ndi bwalo la akulu ampingo. "Chabwino," anatero mayiwo, "koma kondakitala wakulipiritsani chimodzimodzi nonse awiri." Mpaka pa boma ndinayang'ana panja, ngati kuti chimanga sindinachiwonepo.

Pa Ntchisi tinafika 8 koloko itangokwana, mitambo itakhala pamwamba pa mapiri ngati thonje lonyowa. Ndinamwa tiyi wa mkaka ndi mandasi awiri, kenako ndinakwera kagalimoto ka sienta ka ku Malomo pa K5,000. Poona tayi, adalaivala anati, "Akuluakulu kutsogolo." Ndinakondwera. Sindinadziwe kuti kutsogoloko tikhala anayi, ndipo kuti posintha giya adalaivalawo azindipempha kukweza bondo. Ulemu umenewo ndinaumva m'chiuno mpaka pa Malomo.

Pa Malomo ndinatsika cha m'ma hafu pasiti teni. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya cha K1,500 nditaimirira, n'kuyamba kufunsa njira. Wa njinga yamoto amene anavomera kundiperekeza anali bambo wa imvi, a Gwaza, ndipo anati K6,000 chifukwa cha matope. Nditangotchula mudziwo anati, "Mukupita kwa a Nachisale? Za mwana uja?" Ndiye kuti chinsinsi cha m'chikwama changa chinali chodziwika pa siteji yonse.

"Ku mpingo wathu," anapitiriza akuzemba maenje, "mwana akafika potsirizika, aliyense amene ali pafupi amabatiza. N'zololedwa."

"Kwathu ayi."

"Koma Baibulo timawerenga lomwelo?"

"Lomwelo."

"Ndiye wina mwa ife akuliwerenga chadodolido."

Ndinafuna kuwafotokozera bwinobwino, koma njinga inalumpha mzere wa madzi ndipo ndinadziluma lilime.

Titayenda pafupifupi ola tinafika pa kamtsinje kopanda mlatho. A Gwaza anati iwo athera pomwepo, azindidikira. Mudzi uli kutsidyako, pamene pakuoneka zigafa. Ndinavula nsapato ndi masokosi, n'kupinda buluku. Pakati pa mtsinje ndinaponda mwala wa ndere. Chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinapezeka nditakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, manja onse ali m'mwamba atagwira chikwama. Nsapato imodzi inatsetsereka ulendo wa ku Nkhotakota. A Gwaza anaithamangira ndi ndodo n'kuivuula, akuyesetsa kuti ndisaone mano awo.

A Nachisale ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Ndinkayembekezera munthu wa maso ofiira, wa mawu a mabingu. Ndinapeza mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wamfupi, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka kumapazi, madzi akudontha.

"Mwatipeza bambo. Koma musanayambe zimene mwadzera, vulani bulukulo tiliyanike. Mungadwale."

Anandibwereka chitenje cha maluwa achikasu. Chotero kalata ya abusa, ya chidindo chake chofiirira, inawerengedwa pansi pa mtengo wa mango ndi munthu wovala jekete, tayi ndi chitenje. Panasonkhana anthu ngati khumi ndi awiri. Palibe anaseka, ndipo kusasekako kunandipweteka kuposa kuseka.

Nditamaliza ndinafunsa funso limene ndinkaliyeserera kuyambira ku Mponela. "Mayi, ndani anakupatsani mphamvu yobatiza?"

"Palibe."

Ndinali nditakonzekera mkangano, mavesi atatu ndili nawo kale pamlomo. Yankho limenelo linandisiya ngati munthu wokankha chitseko chotsegula kale.

Anafotokoza mosakweza mawu. Chinali chaka chathachi, mwezi wa mvula yambiri. Mwana wa mnansi wawo, Tiyamike, wa masabata atatu, anatentha thupi n'kusiya kuyamwa. Mtsinje umene ndinagweramo uja unali utadzaza mpaka m'minda, wosaoloka ngakhale ndi ng'ombe. Abusa anali asanafike kumeneko miyezi isanu ndi itatu. Dzuwa lili pamutu mwana anayamba kuzizira mapazi, ndipo mayi wake anagwira a Nachisale mwendo n'kunena kuti, "Inu ndinu mumatitsogolera mapemphero. Asapite wopanda chizindikiro."

"Ndinkadziwa kuti si ntchito yanga," anatero a Nachisale. "Malamulowo ndinawaphunzira m'kalasi ngati inu nomwe. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina pali wina. Panalibe. Ndinatunga madzi m'kapu ya pulasitiki, n'kunena mawu amene abusa amanena. Kenako ndinapita kuseri kwa nyumba kukasanza."

Mayi wina anawonjeza kuti abusa atabwera kudzadyetsa Mgonero mvula itatha, a Nachisale anakhala kumbuyo, osayandikira. Palibe anawaletsa.

"Chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinkadikira kuti mpingo uyambe wandimva. Kalata yanuyi yachedwa, bambo. Kubwalo ndibwera."

Pamenepo bambo wina wamtali, a Kamwendo, anaimirira atanyamula kamtsikana konenepa kamene kankatafuna chisononkho cha chimanga. Kanali Tiyamike, mwana wawo. Madzi ataphwa tsiku lachitatu anamuthamangitsira ku chipatala, ndipo anachira.

"Akulu ampingo," anatero a Kamwendo, "za mlandu ife sitikudziwa. Tingofuna mutiuze. Mwanayu ndi wobatizidwa kapena ayi? Tikamubatizitsa, ena akuti ubatizo subwerezedwa. Tikamusiya, ena akuti uja sunali ubatizo. Mayi ake sagona nazo."

Ndinatsegula buku la malamulo ndi chala chonyowetsa ndi malovu, monga amachitira odziwa zinthu. Ndinapeza pamene pakunena yemwe ayenera kubatiza. Za mwana amene wabatizidwa kale ndi munthu wosayenera, n'kukana kumwalira, sindinapeze. Ndinabwerera koyambirira. Ndinayang'ana ngakhale chikuto chakumbuyo. Kenako ndinati ndiimbire abusa.

Netiweki kumeneko imapezeka pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ndinakwera nditagwira chitenje ndi dzanja limodzi, foni ndi linalo, mpingo wonse ukundiyang'ana m'munsi. Abusa anamvetsera mpaka kumapeto.

"Aphunzitsi," anatero, "imeneyo yandikulira. Ndiyenera kufunsa akuluakulu athu."

Ndinatsika n'kunena zoona: ine sindikudziwa, abusa sakudziwa, akafunsa kumtunda. Ndinkayesa kuti andinyoza. A Kamwendo anangogwedeza mutu. "Bola mwanena mosabisa," anatero. Kunyumba kwawo anatiphikira maungu ndi chimanga chachiwisi, ndipo tisanadye anandipempha kuti ndipempherere mwanayo. Ndinamuika dzanja pamutu. Pemphero limenelo linali lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo pagulu, chifukwa mawu akuluakulu amene ndimawakonda anakana kubwera.

Ndinanyamuka cha m'ma hafu pasiti thuu, buluku lili lofunda ndi dzuwa, nsapato zili m'manja. A Nachisale anandiolotsa okha, akundilozera mwala woponda. A Gwaza anandifunsa kuti mlandu watha bwanji, ndinati wangoyamba. Pa Mponela ndinatsika kutada kale.

M'njira monsemo ndinkawerengetsera amene anatumidwa ndi yani. Ine anandituma abusa. Abusa anaikidwa ndi akuluakulu, akuluakulu amatsata buku, buku limati likuchokera m'Malemba, ndipo Malemba omwewo a Gwaza amawamva mwanjira ina. Sindikunena kuti dongosolo n'lachabe. Popanda ilo aliyense wa suti yonyezimira akanamabatiza anthu pa siteji. A Nachisale nawonso sananene zimenezo. Koma mwa ife tonse, amene ankaopa Mulungu kwenikweni pa nkhaniyi anali munthu yekhayo amene analibe pepala lililonse.

Bwalo linakumana patapita masabata atatu, ndipo ndinapempha kukaikira umboni wa zimene ndinamva. A Nachisale anadzudzulidwa, anavomera, n'kubwezeredwa ku Mgonero tsiku lomwelo. Za Tiyamike yankho la akuluakulu silinabwerebe. Mlembi wa mpingo wa kumeneko anafunsa kuti nanga m'kaundula wa obatizidwa alembe kapena asalembe. Abusa anaganiza, n'kunena kuti alembe, koma ndi pensulo. Dzinalo lilimo mpaka lero, pakati pa maina a inki. Mwini wake akuti wayamba kuthamanga, ndipo Lamulungu amavuta kwambiri nthawi ya ulaliki.