Chimene Amayi Ankabisa Pansi pa Lilime

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi anasiya kuyimba. Tinkakhala ku Kawale m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine, amayi ndi mlongo wanga Yamikani, yemwe anali asanayambe sukulu. Bambo anali ku Joni ndipo tinkawadziwira pa foni basi. Amayi ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, koma mukanafunsa aliyense wa kudera kwathu kuti Nachisale ndi ndani, sakanatchula tomato ayi. Akanakuuzani kuti ndi mayi uja amayambitsa nyimbo pamaliro.

Mawu anali nawo amayi anga. Akavala yunifolomu ya azimayi a kutchalitchi, bulauzi yoyera ndi duku loyera, n'kukweza nyimbo pasiwa, ngakhale azibambo okambirana za mpira kuseri kwa nyumba ankangoti zii. Ine ndinkayenda monyada ngati mawuwo ndi anga.

Koma amayi anali ndi chinsinsi chawo. Ankaika fodya pansi pa lilime. Anali fodya wopera, wakuda, wonyowa pang'ono, amene ankagula kwa gogo wina wa ku Tsabango. Akuti anamuyamba ali ndi pakati pa ine, dzino litawasowetsa mtendere, ndipo dzinolo litazulidwa fodyayo anatsala. Ankamusunga m'kabotolo ka mafuta odzola, pamwamba pa khoma, pamene malata amakumana ndi njerwa. Kutchalitchi kwathu fodya ndi mowa ankaziika m'thumba limodzi. Mayi wa yunifolomu akadziwika kuti amachita zimenezi ankamuyimitsa, yunifolomu n'kukaipinda m'sutikesi. Kwa amayi chimenecho chinali choopsa kuposa njala. Ndiye ine ndinakula ndikudziwa kuti kabotolo kaja ndimakaona koma sindikadziwa.

Kuchiyambi kwa chaka cha m'mbuyo mwake, Yamikani anadzuka tsiku lina akukana phala. Amayi atamuyasamulitsa anapeza chotupa pansi pa lilime, chofewa, chowala, ngati mimba ya chule. Sanayembekezere kuti aone mawa. Anasiyira mnzawo tomato, n'kubereka mwana, ulendo ku chipatala chaching'ono cha kudera kwathu, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi ambulera. Kumeneko tinapeza Mayi Gondwe, namwino wochokera ku Rumphi, amene tinkapemphera nawo limodzi ndipo poyimba ankaima pambali pa amayi. Anati njira ya malovu yatsekeka, si zoopsa kwenikweni, koma tisayerekeze kuchiboola ndi singano. Anatitumiza ku chipatala chachikulu kumene anakachikonza, mwana n'kuchira.

"Mwachita bwino kubwera msanga," anatero Mayi Gondwe tsiku limenelo. "Chilichonse cha m'kamwa chikakhalitsa osapola, musamachilekerere."

Amayi anavomera mokweza. Kwa sabata yathunthu ankadzudzula azimayi anzawo pamsika chifukwa chochedwa ndi ana kuchipatala. Ndimakumbukira zimenezi ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chilonda chawo chinayamba m'nyengo yotentha, mvula isanagwe, fumbi la ku Kawale likulowa mpaka m'mano. M'mawa wina anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene kunkawala bwino.

"Tadala, tabwera undione apa. Galasi lija likundinamiza."

Anakweza lilime. Kumanzere, pamalo penipeni pamene fodya ankakhala, panali chigamba choyera, ndipo pakati pake kachilonda kakang'ono ngati njere ya mapira. Ndinawauza zimene ndinaona.

"Ndi tija timakutuluka iwe," anatero. "Kapola."

Zoonadi ine tizilonda ta m'kamwa tinkandituluka kawirikawiri. Tinkapweteka moti ndinkalira podya, koma ndikachukucha madzi a mchere, sabata isanathe tatha. Ka amayi sikankapweteka n'komwe, ndipo iwo anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Kuyambira pamenepo ntchito yanga ya m'mawa, ndisanapite kusukulu, inali kusuzumira m'kamwa mwa amayi ndi kuwauza nkhani yake. Anayesa mchere, anayesa soda, anapaka mankhwala abuluu aja timapaka ana, mpaka lilime linada. Fodya sanamusiye. Anangomusamutsira kumanja.

Mvula inabwera, chimanga cha m'timinda ta m'mbali mwa msewu chinamera mpaka kufika m'chiuno, koma kachilonda kaja kanali pomwepo. Sikanalinso kachilonda. Chinali chilonda chokumbika, m'mbali mwake motukuka ndi molimba. Ndikachiyang'ana chinkatuluka magazi ngakhale osachikhudza. Chinayamba kununkha fungo limene sindinalimvepo kwina kulikonse, ndipo ndinaphunzira kugwira mpweya osakwinya nkhope, kuti amayi asaone. Pansi pa chibwano panatuluka mwanabere wolimba ngati mwala, wosasuntha. Anasiya tsabola, kenako usipa, kenako chilichonse chofuna kutafuna. Mawu awo anayamba kulemera ngati munthu amene wavwira madzi.

"Amayi, tiyeni kwa Mayi Gondwe," ndinawapempha tsiku lina.

"Ndikayasamule pamaso pa Nyagondwe? Akaona mano awa ndi nkhama izi sadziwa? Ndi namwino uja. Lachinayi likamakwana mpingo wonse wamva."

"Ndiye tipite chipatala china."

"Chipatala chiti mu Lilongwe muno chopanda munthu wa kutchalitchi? Iwe, za m'nyumba sizituluka pakhomo. Wandimva?"

Ndinawamva. Ndinali mwana woleredwa bwino, ndipo mwana woleredwa bwino sauza anthu akunja za m'kamwa mwa mayi ake. Koma mantha anali atandilowa. Kusukulu ndinkangoyang'ana bolodi osaona kanthu, ndikuganiza za bowo lija.

Lamulungu lina azimayi anaimirira kutsogolo kuti ayimbe. Onse anayang'ana amayi monga mwa nthawi zonse. Amayi anakoka mpweya, natsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka sichinali nyimbo. Lilime linakana kudzuka. Anayesanso, mawu n'kuphwanyika, ana ena kumbuyo n'kuyamba kuseka. Anatsokomola dala n'kuloza pakhosi ngati ndi chimfine, mayi wina n'kuyambitsa nyimboyo m'malo mwawo. Ine ndinali pabenchi yakutsogolo ndipo ndinaona kadontho kofiira pa bulauzi yoyera ija, pafupi ndi batani.

Titaweruka ndinawatsatira Mayi Gondwe mpaka pa geti. Ndinagwada pamatope pomwepo ndi diresi langa la Lamulungu.

"Amayi ali ndi chilonda pansi pa lilime," ndinatero. "Chinayamba mvula isanagwe. Chikutuluka magazi."

Za fodya sindinatchule. Mayi Gondwe anandidzutsa, n'kunena kuti abwera kunyumba masana omwewo.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi kuti kubwera mlendo, ndi chifukwa chake. Amayi anga sanali munthu womenya ana, koma tsiku limenelo anatola mthiko. Anandikwapula m'miyendo, m'mikono, pamsana, Yamikani akulira pakona. Iwonso ankalira. "Wandivula pagulu, mwana iwe! Wandivula!" Mawuwo ankatuluka opindika, malovu ndi magazi zikutsikira pachibwano. Atatopa anataya mthiko, natenga makala n'kuyamba kutsuka mano ngati angachotse kuda kwa zaka khumi ndi ziwiri m'masana amodzi. Kabotolo kaja anakakaponya m'chimbudzi.

Mayi Gondwe anafika atavala chitenje wamba, osati za kuntchito. Anakhala pamkeka, analonjerana ndi amayi bwinobwino, anafunsa za bambo ku Joni ndi za mitengo ya tomato. Kenako anayatsa tochi ya pa foni.

"Tayasamulani, amayi a Tadala."

Amayi anayasamula. Ine ndinali pakhomo, miyendo ikuyaka moto, ndipo sindinayang'ane chilondacho chifukwa ndinkachidziwa kale. Ndinayang'ana nkhope ya Mayi Gondwe. Anagwira mwanabere uja ndi zala ziwiri, nazimitsa tochi pang'onopang'ono. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

Amayi anawerama. "Nyagondwe, pali china chimene simukudziwa. Ine ndine wochimwa. Ndimaika..."

"Fodya?" anatero Mayi Gondwe. "Amama, zimenezo tonse timadziwa. Ine ndaima pambali panu zaka zingati? Mukakweza nyimbo timamva fungo lake. Ngakhale amayi abusa amadziwa. Palibe amene anafuna kukuchititsani manyazi. Komanso tikanakuyimitsani, akanatiyambitsira nyimbo ndani?"

Kenako amayi anaseka. Kuseka kumeneko sindikufuna kudzakumvanso moyo wanga wonse.

"Ndiye miyezi yonseyi," anafunsa, "ndimabisira ndani?"

Mayi Gondwe anagwetsa misozi. Anati iwonso anaona kuti amayi akuwonda ndiponso kuti mawu awo asintha. Kangapo anafuna kufunsa, koma anaopa kuti funso lililonse la m'kamwa likafika pa fodya, ndipo munthu wamkulu sumuyasamulitsa asanakupemphe. Anangodziuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

M'mawa mwake anatiperekeza okha ku chipatala chachikulu. Kumeneko anadula kanyama kakang'ono kuti akapime, ndipo zotsatira zitabwera anati ndi khansa. Dokotala anafotokoza modekha kuti yafalikira kale m'khosi. Anati ikanapezeka idakali kachilonda kakang'ono kaja, mwina akanaichotsa amayi n'kukhala ndi moyo. Tsopano chimene akanatha ndi kuchepetsa ululu. Za fodya anafunsa funso limodzi lokha, kuti anayamba liti, n'kupitiriza zina. Sanadabwe, sanawadzudzule.

Bambo anabwerako ku Joni. Miyezi yotsatirayo sindikonda kuikamba. Ululu umene unachedwa kubwera uja unabwera wonse pamodzi, mpaka kukhutu. Amayi anasiyiratu kulankhula, ankangoloza ndi chala. Ndinkawamwetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni, theka likubwerera pansalu imene inkakhala pachifuwa pawo. Lachinayi lililonse azimayi a yunifolomu ankabwera ndi sopo ndi shuga, n'kukhala pakhonde kuwayimbira. Anali anthu abwino, sindikana. Koma ine ndinkawayang'ana mmodzimmodzi ndi mkwiyo, ndikudziwa kuti aliyense wa iwo anali ndi mphuno ndi maso, ndipo aliyense anasankha ulemu.

Masana ena ndikuwapukuta pakamwa, amayi anandigwira mkono. Anafufuza ndi chala pamene panali chipsera cha mthiko uja, ngakhale chinali chitazimiririka kalekale, n'kumasisita pamenepo. Ine ndinawauza kuti sipakupweteka.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Anawaveka yunifolomu yawo, yoyera bwino, yosita, palibe anaipinda m'sutikesi. Pasiwa, nthawi yoti nyimbo iyambe itakwana, azimayi anangoyang'anana, aliyense akudikira mwachizolowezi kuti Nachisale akweze. Chete ameneyo anatenga kanthawi kochepa chabe, koma ndi amene ndimamukumbukira kuposa nyimbo zonse zimene anayimba pambuyo pake.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Area 25. Ndikudziwa tsopano kuti zilonda zambiri za m'kamwa ndi zosaopsa, zimapweteka masiku angapo n'kupola zokha. Koma chilonda, chotupa, kapena chigamba choyera kapena chofiira chimene chadutsa masabata awiri kapena atatu chili pomwepo, chimenecho n'chopita nacho kuchipatala. Chikalimba, chikamatuluka magazi, lilime likayamba kulemera, kumeza kukavuta, kapena mwanabere akatuluka m'khosi osabwerera, musadikire n'komwe. Ndipo kusapweteka si chizindikiro chabwino monga ankaganizira amayi. Kumangomupatsa munthu mpata wodzinamiza.

Amayi sindiwakwiyira. Anali munthu wamanyazi amene ankaopa kutaya chinthu chimodzi chimene chinkamupatsa dzina. Chimene ndinakangana nacho ndi mwambi uja. Si nthawi zonse pamene wamva m'mimba amatsekula chitseko. Ena manyazi amawagwira miyendo, amafera m'kati, ife tili panja tikuti tikuwalemekeza. Nchifukwa chake kutchalitchi kwathu ndimadziwika kuti ndine mayi wopanda ulemu. Ndikamva mnzanga akulankhula ngati wavwira madzi, kapena ndikaona akutafunira mbali imodzi mwezi wathunthu, ndimamukokera kuseri n'kumuuza kuti akweze lilime. Ena amandinyanyalira mpaka Khirisimasi. Zilibe kanthu, bola akhale moyo wondinyanyalira.

Zikwapu za mthiko zija zinapola sabata isanathe, monga zimachitira zilonda zonse zabwino. Ndikanakonda amayi akanandikwapula mvula isanagwe.