Kamera ya Paphewa

Aneba athu a ku Area 4 amajambula kanema m'maukwati. Salankhulalankhula. Kamera yawo imalemera ngati thumba la simenti, ndipo akaisenza paphewa, ngakhale ankhoswe amawapatukira.

Chaka chatha mwana wawo Bernadetta adapita kunja kuchionetsero cha makamera atsopano a kanema, nkuwabweretsera kakamera kamakono kokwana m'dzanja. Tsiku loyamba kupita nako kuukwati ku City Centre, wapakhomo adawaimitsa nkuwafunsa khadi. Mkwatibwi adalowa muholo iwo akufotokozabe panja.

Masiku ano kakamerako adakamangirira ndi mphira pamwamba pa chikamera chakale chija, chimene sichiyakanso nkomwe.

"Kojambula ndi aka," amatero akafunsidwa. "Koma anthu amavinira ichi."